Gule wa Mbereko

Tsiku lomwe ndidauza ophunzira 32 kuti agone chagada pansi pa mitengo ya mango, atsinzine, ndi kumvetsera kupuma kwawo, mbiri yake idafika kumsika dzuwa lisadalowe. Anyamata ndidawagoneka mbali ya kum'mawa, atsikana mbali ya kumadzulo pamodzi ndi madamu, mphunzitsi mnzanga, koma kusamala konseko sikudathandize kanthu. Mayi wina wochokera kumjigo adatula ndowa yake m'mbali mwa njira nayamba kutiyang'anitsitsa. Posakhalitsa amayiwo adakhala atatu, kenaka asanu. Ndidamva mmodzi akufunsa mnzake m'Chiyao, ndipo ngakhale chiyankhulocho ndinkachimva mopereweza, mawu akuti majini ndidawatola bwinobwino.

M'mawa mwake aphunzitsi aakulu adandiitanitsa ku ofesi. Adali munthu wofatsa, wosakonda kukweza mawu. Adayamba andifunsa za kunyumba, kenaka adavula magalasi nati, "Aphunzitsi, kalabu tidakupatsani ija ndi ya magule kapena ya tulo? Makolo awiri abwera kale kudzafunsa ngati ana awo adakomoka dzulo." Ndidayesa kufotokoza koma lilime lidalemera, poti nanenso panthawiyo ndinkangopapasa. Yankho lomwe ndidalephera kupereka tsiku limenelo ndi lomwe ndikulemba pano, ngakhale lachedwa ndi zaka khumi.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Mu 2013 boma lidanditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la Mfumu Yaikulu Chowe ku Mangochi, ndipo monga mudziwa, wantchito wa boma akalandira kalata safunsa kuti kumeneko kuli chiyani, amangomanga katundu. Amene simudafikeko ndikulongosolereni pang'ono. Ukawoloka Shire pa mlatho wa pa boma la Mangochi, msewu wopita ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde umayenda pang'ono m'chigwa, kenaka umayamba kukwera mapiri mokhotakhota. Ukaima pamwamba ndi kucheuka, umaona madzi mbali ziwiri: nyanja ya Malawi kudzanja lamanja, ya Malombe kumanzere, Shire akuzilumikiza ngati chingwe. Dera la Chowe lili ndi zonsezi, gombe, chigwa ndi mapiri, ndipo ana a pasukulu yathu ankachokera konseko, akutali akuchita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu.

Kalabu ya magule idandigwera chifukwa ndidali mlendo. Pamsonkhano wogawana ntchito anzanga adathamangira mpira, kalabu ya zachilengedwe ndi ya mtsutso, ndipo chotsala chidapatsidwa kwa yemwe sadadziwe kukana. Chikhalirecho ine sindine wovina. Malemu mayi anga ankati ndikalowa m'bwalo ndimaoneka ngati munthu woponda linthumbu, ndipo ingoma ya kwathu ndinkaionera patali nditakwera pachulu.

Mwayi wanga udali woti anawo sankasowa wowaphunzitsa kaponyedwe ka mwendo. Manganje adayamba kuwamva ali kumsana, pa nyengo yoperekeza ndi kulandira anyamata a ku jando. Atsikana ankadziwa likwata, anyamata ankadziwa masewe, ndipo beni ankaidziwa onse. Choncho ntchito yanga, monga ndidaionera, idali yowongola mizere basi. Ndidagula wezulo pa boma, ndidasema kandodo, ndipo kwa zaka ziwiri ndidasanduka sajeni. Lachitatu lililonse masana mawu anga ankamveka mpaka kumsewu: "Mwendo m'mwamba! Nonse pamodzi!" Wophonya sitepe ankathamanga kuzungulira bwalo la mpira kawiri. Tidapata kachikho pa mpikisano wa sukulu za m'dera lathu, ndipo ndidayamba kudziyesa katswiri.

Kudzitama kwanga kudathera pa bondo la mwana wa eni. Mu Juni 2015, tikukonzekera mpikisano wina, mnyamata wa Fomu 2 yemwe ankalumpha kuposa onse pa masewe adatera pansi osadzukanso. Tidamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala chaching'ono. Adokotala adamufunsa pomwe pankapweteka, iye nati, "Mwendo." Adamufunsanso kuti mwendo pati, iye nati, "Wonse." Adachita kumudina malo ndi malo mpaka atakuwa, ndipo ndi pomwe zidadziwika kuti vuto lili m'kati mwa bondo, ndiponso kuti silidayambe tsiku limenelo. Atafunsidwa kuti ululu adayamba kuumva liti, mnyamatayo adayamba wayang'ana ine, kenaka adawerama nati sakudziwa.

Adokotala adauza mnzake yemwe adatiperekeza kuti alumphe monga amachitira pa masewe. Mwanayo adalumpha natera ndi zidendene, mawondo ali gwa ngati mitengo. "Ana awa akutera ngati thumba la chimanga," adatero adokotala. "Amawaphunzitsa ndani?" Sindidayankhe. Kulumpha kumeneko ndidali nditakuonera kosawerengeka, koma maso anga ankangoyeza kutalika kwake. Kutsika sindidakuyang'anepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Chomwe chidandibaya kwambiri ndidachipeza sabata yomweyo m'chipinda cha aphunzitsi. Mnzanga wa Bayoloje ankachonga mayeso, ndipo pamwamba pa mulu padali pepala la mnyamata wovulala uja. Pa chithunzi cha mafupa a munthu adalemba mayina onse molondola, femur, tibia, patella, osaphonya ndi limodzi lomwe. Mwana wodziwa patella wa papepala adalephera kuloza bondo lake lomwe. Kusukulu timaphunzitsa thupi ngati dziko lakutali, monga momwe ine ndimaphunzitsira za mtsinje wa Rhine kwa ana omwe mwina sadzauona. Kunyumba thupi ndi khasu, umalima nalo mpaka litaguluka. Mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, mtsikana amakula akumva za kakhalidwe ka pansi ndi zoyenera kubisa. Palibe amene amafunsa mwana kuti, kodi ukaima chonchi ukumva chiyani, ndipo ukuchimva pati? Pamwamba pa zonsezi ndidafika ine ndi wezulo wanga.

Pa tchuthi cha Ogasiti ndidadandaulira mnzanga wina yemwe adaphunzira za zisudzo ku Chancellor College ku Zomba. Adayamba wandiseka, kenaka adandipatsa mapepala afotokope, ofiirira ndi kukhalitsa, onena za Rudolf Laban, katswiri wa magule wa ku Ulaya yemwe adabadwa mu 1879 namwalira ku England mu 1958. Munthuyu mu 1928 adatulutsa njira yolembera gule papepala ndi zizindikiro, monga oimba amalembera nyimbo. Zizindikirozo zidandizunguza mutu ndipo ndidazisiya. Chidandikoka ndi china. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Laban ankalowa m'mafakitale a ku England kukaonerera momwe antchito amanyamulira, kupotokola ndi kukankha zinthu, ndipo zomwe adapeza adazilemba pamodzi ndi F. C. Lawrence m'buku lotchedwa Effort la mu 1947. Iye ankati kusuntha kulikonse kwa thupi ungakufunse mafunso anayi, omwe ine ndidawamasulira motere pachikuto cha kope langa: kodi n'kolemera kapena kopepuka? N'kodzidzimutsa kapena kodekha? N'kolunjika kapena koyendayenda? N'komangika kapena komasuka? Ndidati mumtima, ngati munthu adapeza zophunzira m'manja mwa wopakira katundu m'fakitale, ine ndingasowe bwanji pakati pa asodzi ndi amayi osinja?

Umu ndi momwe tidapezekera chagada pansi pa mango mu Seputembala chaka chomwecho. Mafunso anga adali achibwana kuwamva. Ndi ziwalo ziti zomwe zakhudza dothi? Zidendene, akatumba, mapewa, nkhongo? Pansi pa msana pali mpata woti dzanja n'kulowa? Mpweya ukalowa, chikukwera ndi chifuwa kapena mimba? Masiku oyamba kudali kuseka kokhakokha. Aphunzitsi aakulu adandilola kupitiriza pokhapokha tizichitira m'kalasi, zitseko zili zotsegula, komiti ya makolo itauzidwa. Nanenso ndidadziikira lamulo loti sindidzakhudza mwana aliyense pomuwongola, wamwamuna kapena wamkazi. Lamuloli lidandikakamiza kufuna mawu, ndipo mawu omwe ndidawasiya kumudzi, monga msongolo, kakolo ndi chigongono, adabwerera pakamwa panga.

Titachoka pogona tidapita poima. Opanda nsapato, aliyense ankasuntha kulemera kwake kuchokera kuchidendene kupita kuzala, kuchokera kuphazi lina kupita kulinzake. Tinkayenda m'kalasimo ngati tili pamchenga wa kugombe, kenaka ngati m'matope a kudimba, kenaka ngati pamiyala ya m'phiri. Tinkasenza ndowa yopanda kanthu ngati yodzaza. Mnyamata wa bondo uja atachira, ndiye adakhala mphunzitsi wa katsikidwe: zala ziyambe kufika, mawondo apinde, thupi litsike ngati mphaka. Kumapeto ana ankakhala awiriawiri, wina kuyenda, mnzake kuyang'ana, kenaka kunena zinthu zitatu zomwe waona popanda kunyoza.

Apa ndi pomwe ndidayamba kuona ana omwe ndidakhala nawo zaka ziwiri. A kugombe ankaima atatangadza pang'ono, mawondo ali ofewa, ngati pansi pangagwedezeke nthawi iliyonse. Bwato lidawaphunzitsa zimenezo asadayambe sukulu. A kumapiri ankayenda atapendekera kutsogolo, ndi masitepe afupiafupi, ngakhale pamalo athyathyathya. Atsikana adali ndi makosi owongoka ngati bango, moti ankatha kutembenuka thupi lonse mutu osagwedera, mphatso ya ndowa ya malita 20. Koma atsikana omwewo akangotula ndowa ndi kuvala yunifomu, mapewa ankagwera kutsogolo, makope atapanikizidwa pachifuwa, makamaka podutsa pakhonde pomwe pakhala anyamata. Nkhani imeneyo ndidaisiyira madamu, omwe ankakhala nawo paokha Lachisanu, ndipo zomwe ankakambirana sindidafunse.

Padali mtsikana wina wa Fomu 3 yemwe nthawi zonse ankatsala wopanda mnzake. Adali atangobwerera kusukulu atabereka. Boma lidalola kuyambira mu 1993 kuti mtsikana wosiya sukulu chifukwa cha pathupi azibwerera m'kalasi akachira, koma lamulo limatsegula chipata chokha, silitseka pakamwa pa anthu. Anzake ankamutcha ntchembere, ena akamuona ankalira ngati khanda. Madamu ndiwo adamukokera kukalabu kuti asamangokhala yekha pansi pa mtengo. Ankaima kumbuyo kwenikweni, manja atapinda pachifuwa, ndipo kwa mwezi wathunthu mawu ake sindidawamve. Tsiku lina, posowa womupatsa, ndidati ayang'ane ine. Ndidayenda uku ndi uku, n'kuima. Adakhala chete mpaka ndidaganiza zomusiya, kenaka adati motsitsa mawu, "Aphunzitsi, inu mumaimira mwendo wakumanzere wokha. Wakumanja umangoperekeza."

Kalasi lonse lidaseka, nanenso ndidaseka, koma usiku ndidaima pakati pa nyumba n'kupeza kuti n'zoona. Ndili ndi zaka 9 ndidagwa pangolo kwathu ndi kubinya kakolo wakumanja. Ululu udatha kalekale, ine n'kuiwala, koma thupi lidapitiriza kuuzemba mwendowo kwa zaka zoposa 25 mwini wake osadziwa. Nsapato zanga zonse zinkayamba kutha ya kumanzere, ndipo ndinkanamizira ozipanga.

Ng'oma zathu tinkabwereka kwa bambo ena achikulire a m'mudzi woyandikana nafe, omwe adapuma usodzi ndipo adatsogolera gulu la beni zaka zambiri. Ana adandiphunzitsa kuwatchula kuti ambuje. Atamva kuti teremu yachiwiri ndikufuna mwana aliyense apeke gule wakewake, adabwera okha kusukulu nakhala pachitsa kundidikira. "Aphunzitsi," adatero, "gule mwana sapanga. Gule amamupeza, monga amapezera mtundu wake."

Ndidaganiza kuti ndawapezerera, poti mbiri ya beni ndidali nditaiwerenga. Ndidawakumbutsa kuti beni sidagwe kuchokera kumwamba. Idayambira m'matauni a m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, cha m'ma 1890, pomwe anyamata ankaonerera magulu oimba malipenga a asilikali a Azungu nayamba kuwatsanzira, ndipo dzina lenilenilo lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti band. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndiyo idaimwaza kumtunda kuno kudzera mwa asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo, ndipo malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda ndi abale ake. Terence Ranger adalemba buku lathunthu la nkhaniyi mu 1975. Ngakhale m'mapiri a pamwamba pathu pomwepa, pa linga lakale la Fort Mangochi, ankaphunzitsirapo asilikali a King's African Rifles pa nkhondo imeneyo. Ndiye kuti lidalipo tsiku lomwe munthu wina adatenga perete wa msilikali, namuwonjezera chiuno ndi nthabwala, anzake n'kumutsatira. "Ameneyo, ambuje, sadapange gule?"

Adandimvetsera mpaka kumapeto, akutembenuza chisoti chawo m'manja. Kenaka adati, "Mwanena zoona. Koma amene adapanga beni adali ataona nkhondo. Ana anuwa aona chiyani?" Ng'oma sadatilande, koma funso lawo adandisiyira.

Ntchito yomwe ndidapereka mu Januwale 2016 idali yaifupi. Aliyense abweretse zochita zinayi za thupi zochokera pa chinthu chomwe amachita kapena kuona tsiku ndi tsiku. Pasakhale ng'oma, pasakhale nyimbo, pasakhale mawu. Azichite katatu, koyamba monga zimakhalira, kachiwiri mokulitsa, kachitatu modekha kwambiri, kenaka anzake amufunse mafunso anayi aja. Ambiri adabweretsa zoyembekezeka, kupalasa bwato, kukoka khoka, kupeta ndi lichero, kumwaza usipa pathandala. Wina adabweretsa kuumba njerwa, ndipo titachedwetsa kamenyedwe ka dothi m'chikombole padatuluka chinthu chokongola chomwe sindidachiyembekezere. Mnyamata wina, yemwe bambo ake adapita ku Joni iye ali wamng'ono monga achitira amuna ambiri a ku Mangochi, adangoima, kutulutsa foni yosaoneka m'thumba, kuiyang'ana, kuibweza, ndi kuitulutsanso. Anzake adaseka poyamba, koma pa ulendo wachitatu, wodekha uja, kuseka kudazima kokha.

Mtsikana uja adali womaliza. Adalowa pakati nawerama, kunyamula chinthu chosaoneka ndi kuchiponya mosamala kumsana. Chachiwiri, adakoka nsalu yosaoneka ndi kuimanga pachifuwa. Chachitatu, adayamba kugwedeza thupi pang'onopang'ono, mawondo akupinda ndi kuwongoka, dzanja limodzi likusisita kumbuyo. Chachinayi, adamasula mfundo ija, kutsitsa katundu wake, kumupereka m'manja mwa munthu wina, kuyenda masitepe atatu, ndi kucheuka. Pa mafunso a Laban, kunyamula kudali kolemera, kugwedeza kudali komasuka, koma kucheukako mpaka lero ndikasowa pokuika. Mapewa omwe adakhala ogwa miyezi inayi adali atatambasuka. Ndidali ndisadaonepo mwana aliyense pasukulupo akuyenda ndi thupi lake lonse monga adachitira iye.

Asadayambe ulendo wachiwiri, mnyamata wina kumbuyo adalira ngati khanda. Kalasi lidafa nalo phwete. Ndipo ine, sajeni wa wezulo, yemwe ndinkathamangitsa ana chifukwa chophonya sitepe, ndidachedwa. Kaya adali masekondi asanu kaya khumi, ndidangoima kukamwa kuli yasa, ndipo pomwe ndinkati ndikalipe, iye adali atatola kale chikwama chake. Mawa lake sadabwere. Sabata idatha, yachiwiri idayamba, pampando pake popanda munthu.

Tidapita kwawo ndi madamu Loweruka lina, ulendo wapansi wa ola ndi theka. Tidapeza agogo ake aakazi, omwe ndiwo ankasamala mwanayo iye akakhala kusukulu, akusenda chinangwa pakhonde. Adatiyalira mkeka, tidalonjerana, koma mtsikanayo sadatuluke m'nyumba. Nditapepesa, anganga adapitiriza kusenda kwa kanthawi, kenaka adayankhula m'Chiyao madamu akumasulira. "Aphunzitsi, inu mudatuma ana kuti akatenge za kunyumba. Mudayesa kuti kunyumba kuli lichero ndi mtondo zokha? Mwanayu adakutengerani chomwe ali nacho, inu n'kumuimika yekha pabwalo ngati mbuzi ya pamsika. Kwathu kuno wovina akalowa pakati, amakhala atazunguliridwa ndi ake omuombera m'manja. Iyeyu adazunguliridwa ndi ndani?"

Mapepala afotokope aja sadandiuze zimenezi. Nzeru yoti mwana aliyense ali ndi gule wake ndimaikhulupirirabe, koma ndidatuma ana kuti atulutse za mumtima ndisadamange bwalo lowatchinjiriza. Funso la ambuje lija lidali litayankhidwa, poti mwanayu adali ataona zambiri kuposa ine, koma woyankhayo ndiye adalipira.

Adatuluka dzuwa litapendeka, mwana ali kumsana, nakhala kumapeto kwa mkeka. Adati abwerera, koma adapereka mfundo imodzi, ndipo adaipereka kwa madamu, osati kwa ine. Gule wakeyo asadzavinenso yekha. Ngati ndi wabwino monga tikunenera, aphunzire atsikana onse, avine pamodzi, ndipo iye aime pamzere wapakati pomwe woonera sangadziwe kuti mwini wake ndi uti.

Tidachita momwemo. Mnyamata wolira ngati khanda uja sindidamuthamangitse bwalo la mpira. Adapepesa pamaso pa kalabu, ndipo kuyambira pamenepo munthu sankalowa pakati tisadaime mozungulira, aliyense akuomba m'manja. Kuti atsikana aphunzire gule uja kudafunika kuti mwini wake ayankhule, ndipo adayankhula. Onse adali ataberekapo azing'ono awo, koma iye ankawawongola: "Mukugwedeza ngati thumba. Mutu wa mwana uli apa, pakati pa mapewa." Chovuta kwambiri chidali kucheuka. Anzake ankatembenuza mutu msangamsanga ngati aitanidwa. Iye adaganiza nthawi yaitali, kenaka adati, "Musayambe ndi mutu. Mutu ukufuna kupita kusukulu. Chimayamba kubwerera ndi phewa." Mawu amenewa ndidawalemba pansi pa mafunso anayi aja.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadhani udagwa mu Juni, ndipo ana ambiri a m'kalabu ankasala kudya ndi kumwa usana wonse. Zolumpha tidaziimika. Masabata amenewo tidalumikiza zidutswa zathu kukhala gule mmodzi, kuyambira bwato ndi khoka, kudzera pa njerwa, foni ndi lichero, kutsirizira mbereko. Kudekha komwe kudabwera ndi njala kudakhazikika m'gulemo, ndipo sitidakuchotse. Poyamba tinkawerengera masitepe ndi kupuma kwamphamvu kwa gulu lonse, koma ambuje, omwe adali atayamba kumadzakhala pakhomo la kalasi osaitanidwa, adatiletsa. Adati kukumveka pafupi kwambiri ndi sikiri, yemwe ndi pemphero, osati choonetsa pampikisano. Tidasiya. M'malo mwake adatenga ng'oma imodzi naiimba okha motsitsa. Adadzukanso kawiri kukawongola mnyamata wopalasa, ati kagwiridwe kake ka nkhafi kangamize bwato pa mwera.

Pa mpikisano wa mu Julaye tidakhala achiwiri kuchokera kumapeto. Pepala la oweruza lidali ndi mizere ya zovala, ng'oma, nyimbo ndi kutsata chikhalidwe, ndipo mmodzi wa iwo adandifunsa moona mtima, "Gule ameneyu ndi wa mtundu uti?" Ndidasowa mtundu womupatsa. Sindiwaimba mlandu. Magule a makolo ayenera kukhala ndi owalondera, ndipo ndimanyadira kuti Gule Wamkulu ndi Vimbuza adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa mu 2014. Beni ndi manganje sitidasiye kuvina, ndipo ndinganene kuti tidayamba kuvina bwino kuposa kale, poti ana adali atadziwa pomwe phazi likutera. Chomwe chimandiwawa n'chakuti papepala lija padalibe mzere ndi umodzi womwe wa chinthu chomwe mwana wapeka yekha. Oweruza otere akadakhalapo pomwe beni inkayamba, bwenzi ataigwetsa.

Tsiku lotsekera sukulu tidavinanso pamaso pa makolo. Pomwe atsikana 14 adawerama pamodzi ndi kuponya ana osaoneka kumsana, amayi adaimba nthungululu, ena akuseka ndi kulozerana. Pomanga mfundo nthungululu zidakula. Koma atamasula, kupereka, kuyenda masitepe atatu ndi kucheuka, bwalo lidangoti zii. Anganga adali atakhala kutsogolo pamkeka, kamwana kaja kali pamiyendo. Sadaombe m'manja. Ndidangoona phewa lawo likutembenuka pang'ono pamodzi ndi la atsikanawo.

Mtsikanayo adalemba mayeso a Fomu 4 mu 2017 ndipo adakhoza, ngakhale mapointi sadakwane opitira ku koleji. Ine adandisamutsa chaka chotsatira. Mu 2023 ndidapita ku Mangochi pa ntchito ya boma, ndipo ndikudikira minibasi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ili kufupi ndi mlatho, ndidamva wina akuitana, "Aphunzitsi!" Adali iye, atasenza beseni la nsomba zouma zomwe ankapita nazo ku Liwonde, pambali pake kamnyamata ka Sitandade 3. Adatula beseni, tidalonjerana, adandiuza za anganga omwe adatisiya ndi za ambuje omwe maso adayamba kuwavuta. Za gule sitidakambe. Minibasi itafika ndidatsanzika, koma ndisadakwere adabwerera m'mbuyo pang'ono, kundiyang'ana kuyambira kumapazi, napukusa mutu.

"Aphunzitsi," adatero, "wakumanja uja ukungoperekezabe."